Mfuti Si Khasu Lobwerekana

Pakati pa makhalidwe amene Amalawi amanyadira, kubwerekana zipangizo kuli patsogolo. Kumudzi khasu, nkhwangwa, mtondo ndi ngolo zimayenda khomo ndi khomo, ndipo munthu wokaniza mnzake chinthu chimene iye sakugwiritsa ntchito amatchedwa womana. Khalidwe limeneli silidatsalire kumudzi pamene Lilongwe adasanduka likulu la dziko m'chaka cha 1975. Lero lino ku Kawale ndi ku Biwi anthu amabwerekana wilibala ndi simbi, pamene ku Area 10 ndi ku Area 43 amabwerekana makina otchetchera kapinga ngakhalenso galimoto. Zonsezi n'zabwino, ndipo mzinda wopanda khalidwe lotere ungakhale wosasangalatsa kukhalamo.

Koma pali chipangizo chimodzi chimene sichiyenera kulowa m'gulu limeneli, ndicho mfuti. Anthu wamba okhala ndi mfuti mwalamulo mu Lilongwe si ambiri. Ena ndi eni minda ikuluikulu amene mabanja awo amakhala mumzinda, ena ndi amalonda a ku Old Town, ndipo ena ndi akuluakulu a m'maofesi a ku City Centre amene amakonda kuwombera chandamale kapena kusaka nkhanga. Anthu otere akakumana, macheza awo sachedwa kufika pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi galasi loonera patali lomangirira pamwamba pa mfuti, limene iwo amalitcha sikopu. Chachiwiri ndi pempho lija lakuti, "Achimwene, tandibwerekaniko yanu ija Loweruka lokha, ndidzabweza Lolemba." Nkhani ziwirizi zimaoneka ngati zosiyana, koma munthu akamvetsa mmene galasilo limagwirira ntchito, amapezanso yankho la pempholo.

Wina angafunse kuti zimenezi zikumukhudza bwanji mphunzitsi, kapena mnyamata amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4, popeza onsewa alibe mfuti. Yankho lake n'lakuti mnyamata wodikira zotsatira za mayeso kunyumba kwa amalume ake ku Area 12 ndiye angatumidwe kukatenga kapena kukabweza mfuti yokulungidwa m'bulangeti. Mphunzitsi naye ndiye amafotokoza za magalasi ndi kuwala m'kalasi la sayansi, kenaka madzulo n'kubwerera kudera kumene chipolopolo chophonya chingakagwere.

Manambala a pagalasi

Nzeru yoika chizindikiro cholozera m'kati mwa galasi loonera patali idayamba cha m'ma 1640, pamene William Gascoigne, katswiri wa zakuthambo wa ku England, adaona kuti ulusi umene kangaude adaluka m'chipangizo chake choonera nyenyezi unkaoneka bwinobwino pamodzi ndi chinthu chakutalicho. Kamtanda kamene munthu amaona akasuzumira mu sikopu kadachokera pamenepo. Magalasi oyamba odalirika a pamfuti adapangidwa ku America m'zaka za m'ma 1830 ndi 1840, ndipo lero makampani monga Zeiss, Leupold ndi Bushnell amapanga mitundu yambirimbiri.

Pa sikopu iliyonse pamalembedwa manambala, mwachitsanzo 3-9x40. Manambala awiri oyambawo akutanthauza kuti galasilo limakulitsa chinthu kuyambira katatu kufikira kasanu ndi kanayi, kotero kuti munthu akaika pa 9, nkhanga imene ili pa mtunda wa mamita 90 imaoneka ngati ili pa mamita 10. Nambala yomalizayo ndi kukula kwa galasi lakutsogolo, mamilimita 40, ndipo limeneli ndilo khomo lolowera kuwala. Wogula wosadziwa amathamangira manambala aakulu poganiza kuti kukula kwa nambala ndiko kukoma kwa katundu, kuiwala kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Vuto loyamba n'lakuti galasi likamakulitsa kwambiri, dera limene diso likuona limachepa. Pa sikopu wamba ya 3-9x40, munthu amene waika pa 3 amaona dera lotambalala mamita oposa 10 pa mtunda wa mamita 100, koma akapotokola kufika pa 9, deralo limatsala mamita anayi kapena asanu okha. Mayi amene akutola nkhuni chapambali, mwana wotsatira mbuzi, kapena mnzake wosaka naye amene wasuntha pamalo pake, onsewa amakhala kunja kwa kabwalo kakang'onoko. Vuto lachiwiri n'lakuti galasi limakulitsa kunjenjemera kwa manja ndi kugunda kwa mtima mofanana ndi mmene limakulitsira nyama. Vuto lachitatu ndi kuwala. Munthu akagawa 40 ndi 9 amapeza mamilimita pafupifupi 4.4, ndipo kumeneku ndiko kutambalala kwa kuwala kofika m'diso, chonsecho mwanadiso wa mnyamata amatseguka mpaka mamilimita 7 kukada. N'chifukwa chake chisisira chikagwa, galasi loikidwa pa 9 limaonetsa zinthu mwachizimezime pamene loikidwa pa 4 likuonetsabe bwino.

Tsono wosankha mwanzeru amayamba wadzifunsa kuti adzawombera chiyani, pamalo otani, ndiponso pa mtunda wautali bwanji. M'tchire la mombo ndi msuku, lofala m'Chigawo cha Pakati, si kawirikawiri diso kuona bwino kupitirira mamita 100, choncho galasi lokulitsa kanayi n'lokwanira. Ndalama zotsalazo n'kwabwino kuzilowetsa pa zomangirira zolimba ndi pa galasi loyera, losachita nkhungu m'kati nyengo ya dzinja. Mfuti ya mpweya yoyendera sipuling'i imagwedeza galasi kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo imaononga sikopu zambiri zopangidwira mfuti zazikulu, motero imafuna galasi lakelake. Mfuti ya chifefe, yomwaza tizipolopolo tambiri pa mtunda waufupi, posaka mbalame sifuna galasi n'komwe. Ndipo wonyada ndi manambala ayenera kudziwa kuti pa masewera a Olympic, akatswiri owombera chandamale pa mamita 10 ndi pa mamita 50 saloledwa kumangirira galasi lokulitsa pamfuti zawo, komabe pa mamita 10 amalasa kadontho kotambalala theka la milimita. Luso lili m'manja, m'kapumidwe ndi m'kudekha kwa munthu.

Galasi la diso limodzi

Sikopu yogulidwa lero sikhala yokonzeka kugwira ntchito lero lomwe. Iyenera kuyamba yachunidwa molingana ndi mwini wake, ndipo kuchunako kuli patatu. Poyamba, galasi limasunthidwa kutsogolo kapena kumbuyo kuti pakati pa ilo ndi diso pakhale mpata wa masentimita 8 mpaka 10. Mpata umenewu umadalira kutalika kwa khosi ndi mikono ya munthu, ndiponso malo amene amatsamiza tsaya lake pa thako la mfuti. Wobwereka amene thupi lake n'losiyana amasendeza nkhope pafupi pofuna kuona bwino, ndipo mfuti yaikulu ikakankha m'mbuyo, mkombero wa galasi umamtema pachikope.

Kachiwiri, galasi lakumbuyo limapotokoledwa mpaka kamtanda kaja kaoneke bwino m'diso la mwini wake. Aliyense amene adayesako kuvala mandala a agogo ake akudziwa kuti galasi loyeneretsedwa diso la wina silithandiza diso la mnzake. Kachitatu, mwini mfuti amawombera pepala pa mtunda wodziwika, ndi zipolopolo za mtundu umodzi, n'kumapotokola timabatani tiwiri mpaka chipolopolo chizigwera pamene kamtanda kaloza. Pa sikopu zambiri kupotokola kamodzi kumasuntha chipolopolo mamilimita pafupifupi 7 pa mtunda wa mamita 100, ndipo pa zina sentimita imodzi.

Ntchito yonseyi sichedwa kusokonekera. Zipolopolo za mtundu wina zimagwera pena. Mfuti ikagunda chitsulo kumbuyo kwa galimoto pa msewu wa mabampu wa kumunda, galasi lingasunthe popanda woona. Ngakhale kagwiridwe kokha ka munthu wina kangathe kusuntha chipolopolo masentimita angapo, ndipo masentimita angapowo ndiwo amasiyanitsa nyama yofera pomwepo ndi nguluwe yovulala imene ikathawira m'munda mwa anthu osalakwa. Mfuti ikabwezedwa Lolemba lija, mwini wake sangadziwe ngati timabatani tija tidakhudzidwa. Makolo adati khasu lobwereka silichedwa kuguluka. Koma khasu likaguluka aliyense amaona, ndipo amalikhomeranso mumpini. Galasi losokonekera limaoneka labwinobwino mpaka tsiku limene lidzalasitsa posayenera.

Kumene chipolopolo chimakagwera

Chipolopolo chaching'ono cha mfuti ya .22, imene ambiri amaiyesa yoseweretsa, chimatuluka pa liwiro loposa mamita 300 pa sekondi imodzi, ndipo chikawomberedwa chopendekera m'mwamba chingathe kuyenda kilomita imodzi ndi theka kapena kupitirira. Zipolopolo za mfuti zazikulu zosakira nyama zimafika makilomita atatu n'kuposa. Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti mumzinda wa Lilongwe munali anthu 989,318. Mapuloti a m'madera a anthu opeza bwino ndi aakulu ndithu, ndipo mipanda yake ndi yaitali, koma kuseri kwa Area 47 kuli Mtandire, ndipo kufupi ndi Area 12 kuli Kauma, kumene nyumba n'zothithikana ndipo ana amasewera pabwalo.

Munthu amene wabwereka mfuti kuti akaphe khwangwala kapena njiwa mumtengo wa kuseri kwa nyumba amaloza m'mwamba, kumene ndi kuloza kotumiza chipolopolo kutali koposa. Galasi limamuonetsa nthenga za mbalame imodzi ndi imodzi, koma silimuonetsa denga la malata limene lili kilomita imodzi kuseri kwa mtengowo. Mwini mfuti amene wakhala nayo zaka zambiri angathe kudziwa zimenezi. Wobwereka wa tsiku limodzi amangodziwa kuti m'galasimo zinthu zikuoneka pafupi.

Chilolezo cha dzina limodzi

Monga galasi limachunidwira diso limodzi, chilolezo nachonso chimalembedwa dzina limodzi. Lamulo loyendetsera mfuti m'Malawi ndi Firearms Act la chaka cha 1967, ndipo zilolezo zimaperekedwa kudzera ku polisi, imene likulu lake lili ku Area 30 mu Lilongwe momwemo. Mfuti iliyonse ili ndi nambala yake yodindidwa pachitsulo, ndipo nambalayo imalembedwa pamodzi ndi dzina la mwini wake. Kupezeka ndi mfuti popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo mawu akuti "ndangobwereka kwa alamu anga" sangateteze munthu pa chipata cha apolisi cha pamsewu. Kuwonjezera apo, mizere ya m'kati mwa mpope wa mfuti imasiya zipsera zake pa chipolopolo, kotero kuti akatswiri angathe kugwirizanitsa chipolopolo chopezeka pamalo a ngozi ndi mfuti imene idachitulutsa. Ofufuza akayamba ntchito yawo, khomo loyamba kugogodapo ndi la munthu amene dzina lake lili m'kaundula.

Palinso lamulo loteteza nyama zakutchire, National Parks and Wildlife Act la 1992, limene lidakhwimitsidwa m'chaka cha 2017 kotero kuti milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri, monga njovu, chipembere ndi ngaka, ingathe kutengera munthu kundende zaka 30. Lamuloli silidakhwimitsidwe popanda chifukwa. Ku Majete njovu zidatheratu pofika chaka cha 1992, ndipo zidabwereranso pokhapokha bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira malowo mu 2003. Ku Kasungu njovu zidachepa kwambiri mpaka mu 2022 padafunika kusamutsirako zina 263 kuchokera ku Liwonde. Wobwereka amanena kuti akukasaka nkhanga, ndipo mwina akunena zoona, koma mfuti ikangotuluka pageti, mwini wake alibenso ulamuliro pa kumene ikupita ngakhale pa dzanja lachitatu limene ingagwemo.

Ndipo si nyama zokha zimene zili pangozi. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Bwenzi lodziwika ndi nthabwala pa macheza a Loweruka lingathe kukhala ndi ngongole imene yalisowetsa tulo, mkangano wa m'banja umene silidauzeko aliyense, kapena chizolowezi cha mowa chimene chimalisandutsa munthu wina usiku. Kunyumba kwake kungakhale ana achidwi, ndipo bokosi lachitsulo losungiramo mfuti kulibe. Wobwereketsa galimoto amaika pachiswe galimoto yake. Wobwereketsa mfuti amaika pachiswe moyo wa anthu amene sadafunsidwe n'komwe.

Kodi makolo sankabwerekana?

Otsutsa ganizo ili ali ndi mfundo yofunika kuimvetsera. Iwo amati kalekale mfuti ya gogodela inali chuma cha banja lonse. Mwini wake akakalamba ankaipereka kwa mlenje waluso, ndipo mlenjeyo akapha nyama, mwini mfuti ankalandira gawo lake, mfumu gawo lake, mudzi wonse n'kudya. Amafunsa kuti n'chifukwa chiyani anthu a m'tauni akufuna kusandutsa ubale kukhala nkhani ya mapepala.

Kusiyana kwake n'koonekeratu. Gogodela inkadzazidwa onga ndi chipolopolo kudzera kukamwa, inkalira kamodzi kokha munthu n'kuyambanso kudzaza, ndipo inkalasa molondola pafupi pokha. Tchire linali lalikulu, anthu ochepa. Chachikulu koposa n'chakuti mudzi wonse unkadziwa kuti mfuti ili m'manja mwa yani, walowera kuti, ndipo abwerako liti. Mlenje sankangotola mfuti. Ankaphunzira kwa akuluakulu zaka zingapo ndi kusunga miyambo yake. Choncho ngakhale makolo sankapereka mfuti kwa aliyense wopempha. M'mzinda wa anthu pafupifupi miliyoni imodzi, mmene munthu sadziwa ngakhale dzina la wokhala kuseri kwa mpanda wake, kaundula wa apolisi ndiye adatenga malo a maso a mudzi aja, ndipo wobwereketsa mwamseri amakhala akuphimba masowo.

Phunziro la Bwezani

Mbiri ya dziko lino yaonetsa kale kuti kupereka mfuti n'kwapafupi koma kuilanda n'kovuta. Pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, kuyambira 1977 mpaka 1992, mfuti za AK-47 zidadutsa malire n'kulowa m'Malawi, ndipo zina zidagwiritsidwa ntchito ndi mbava ndi opha njovu nkhondoyo itatha kale. Mu Disembala 1993, asilikali ataphedwa ku Mzuzu pa mkangano ndi a Malawi Young Pioneers, gulu lankhondo lidayamba ntchito yolanda zida za apayoniyawo, ndipo ntchitoyo idatchedwa Operation Bwezani. Anthu a mu Lilongwe adamva kulira kwa mfuti mumzinda mwawo, anthu ena adafa, ndipo apayoniya ambiri adathawira ku Mozambique. Dzina lakuti Bwezani likunena lokha kuti mfuti ikakhala m'manja osayenera, kuibweza kungafune magazi.

Pozindikira vuto lotere, maiko a m'bungwe la SADC adasainirana pangano loletsa kufala kwa mfuti mwachisawawa pa msonkhano wawo wa ku Blantyre mu Ogasiti 2001. Mwa zina, panganolo likufuna kuti mfuti zizikhala ndi zizindikiro zozidziwira ndiponso kuti maboma azisunga kaundula wa eni ake. Zimene maboma adagwirizana pamsonkhanopo zimasanduka zopanda pake ngati anthu ophunzira, odziwa kuwerenga lamulo, akupatsirana mfuti pageti ngati mpope wothiririra maluwa.

Kugawana koyenera

Izi sizikutanthauza kuti wokonda mfuti azikhala yekhayekha ndi luso lake. Pali zambiri zimene angagawane ndi anzake popanda kuika wina pangozi. Angathe kufotokoza chifukwa chimene adasankhira galasi lakuti, kuchenjeza mnzake za katundu wachinyengo, ndi kumuonetsa kachunidwe kake. Akafuna kuonetsa mfuti yeniyeniyo, aichotse zipolopolo pamaso pa onse, ndipo aliyense woilandira aionenso yekha. Ngati mnzakeyo akufuna kuyesa kuwombera, zichitikire pamalo ovomerezeka okhala ndi chulu kapena mtumbira wa dothi kuseri kwa chandamale, mwini mfuti ataima pomwepo, ndipo atayamba wafunsa ku polisi zimene lamulo limalola. Malangizo odziwika kulikonse kumene anthu amaphunzira kuwombera ndi omwewo: mfuti iliyonse iziyesedwa yodzaza, isalozedwe pa chinthu chimene munthu sakufuna kuononga, chala chisakhudze chokhethemulira mpaka nthawi yowombera, ndipo wowombera azidziwa chimene akuloza pamodzi ndi chimene chili kuseri kwake. Galasi la pamfuti lisagwiritsidwe ntchito poyang'anira chinthu chosadziwika, pakuti kumene galasi layang'ana ndi kumenenso mpope waloza. Kunyumba, mfuti ikhale m'bokosi lachitsulo lokhoma, zipolopolo pamalo ena, ndipo zithunzi zake zisamwazidwe pa lamya, chifukwa mbava nazonso zili ndi maso.

Mnyamata kapena mtsikana amene mtima wake uli pa ntchito zotere ali ndi njira zowongoka. Nthambi ya Boma yoona za nkhalango zosungirako nyama imalemba alonda a nyama, ku Dedza kuli sukulu yophunzitsa za nkhalango ndi nyama zakutchire, ku Salima kuli sukulu ya asilikali ya MAFCO, ndipo apolisi ali ndi sukulu yawo ku Limbe. Kumalo onyamula zida, mfuti imalembedwa potuluka ndi pobwera, ndipo munthu amayamba waphunzira mwambo asanagwire chida. Aphunzitsi angathandize pogwiritsa ntchito chitsanzo cha 3-9x40 pophunzitsa za magalasi, kuti ophunzira adzionere okha ndi masamu awo kuti chokulitsa chinthu chimachepetsa dera looneka.

Chotsalira ndi kulimba mtima kokana, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa, poopa kutchedwa omana. Koma mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mwini mfuti angathe kuyankha mwaulemu kuti, "Pepani achimwene, galimoto tengani, koma iyi ili m'dzina langa ndipo siyenda popanda ine; mukafuna, tidzapitire limodzi." Mnyamata wotumidwa kukanyamula mfuti ya wina angathenso kunena kuti, "Amalume, mundikhululukire, ndilibe chilolezo, ndipo apolisi akandigwira ndidzakuchititsani manyazi." Bwenzi lenileni lidzamvetsa mawu otere. Limene lidzakwiya nawo lidzakhala laonetsa lokha kuti silinali loyenera kupatsidwa mfutiyo.